Mawu Amene Pulogalamu Inataya

Nselema
3 Okutobala 2024

Alamu a Lucius,

Asalaam aleikum. Tikukhulupirira kuti mwadzuka ndi mphamvu kumeneko ku Durban. Kuno tadzuka, ngati kudzuka kwake n'kumeneku. Amayi akupereka moni. Mwana wanu Habiba akudya bwino, koma tsopano akumagona pamphasa imodzi ndi ine.

Ndikulemba papepala chifukwa amalume Che Hassani akuti nkhani za maliro sizikambidwa pa foni ngati malonda a nandolo. Akuti zilembedwe, ziwerengedwe pakhonde onse akumva. Ndiye ine ndizilemba, n'kujambula, n'kukutumizirani pa WhatsApp. Inunso muzitero. Ndiponso kunena zoona, alamu, mukaimba foni mumangokhala chete, ine n'kumangomva magalimoto a kumeneko.

Mwina mtima ukukuwawani kuti sitinakudikireni. Achemwali anga Sumaiya, akazi anu, anatisiya Loweruka m'mawa ku chipatala cha ku boma, ndipo dzuwa lisanalowe tinali titawaika m'manda. Ndi mmene timachitira ife Asilamu, inu mukudziwa, mwakhala nafe. Sikuti tinakuderani iyayi. Alongo anu a Modester anafika kuchokera ku Nkaya jeneza yonyamulira maliro itanyamuka kale, komabe anafika.

Sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirireni, idzakhala Lachinayi pa 7 Novembala. Tsiku lomwelo anthu akadzadya, amalume adzakhala pansi ndi ankhoswe kuti akusudzuleni, ndipo adzagamula za Habiba. Anena poyera kuti mukadzapezekapo mudzakhala ndi pakamwa pa za mwanayu: kumene aziphunzira, ndi kumene azikhala pa holide. Mukapanda kubwera, akuti mwana ndi wa mbumba ya kuno basi, bambo ake ndi chithunzi cha m'foni. Zaka zinayi ndi zambiri, alamu. Mmene munkachoka mwanayu anali asanayambe kulankhula zomveka.

Tiyankheni, mubwera liti?

Ine mlamu wanu,
Lukiya

Durban
14 Okutobala 2024

Alamu a Lukiya,

Ndalandira kalata yanu. Pepani kuti ndachedwa kuyankha; ndinaiyamba kangapo n'kumang'amba. Mundiperekere moni kwa apongozi ndi kwa amalume. Mupsompsone Habiba, ngati angalole kuti mpsompsonowo ndi wochokera kwa ine.

Za maliro sindinadandaule ndi munthu. Munachita zoyenera. Amene sanali pamalo pake ndi ine.

Za kubwera, mapepala anga okhalira kuno anatha chaka chatha. Ndikatuluka, pa boda adzandidinda kuti ndisadzalowenso, ndiye kuti ntchito yatha. Ndikuganizabe. Ndikudziwa kuti mawu akuti ndikuganizabe mwawamva kwa ine kambiri.

Ndikuuzeni chimene ndikuchita, mwina apongozi chiwatonthoza. Mukukumbukira tsamba la pa intaneti lija ndinawakonzera achemwali anu ndisanachoke, lija analitcha Fumbi la Choko? Ankalembapo za ana a m'kalasi mwawo, za msika, za mvula. Ndinawaphunzitsa kuikapo okha nkhani kuchokera pa foni. Ndapeza kuti sanasiye. Zilipo nkhani zoposa zana, yomaliza ndi ya mwezi watha.

Tsambali ndi lophweka kwambiri. Lili ngati bolodi la zidziwitso la pasukulu: chimene wamata ndicho chili pamenepo, silimaganiza lokha. Munthu akawerenga nkhani imodzi n'kufika pansi, palibe chomulozera kwina, amangotseka n'kupita. Zimenezi zandiwawa. Ndiye ndalemba kapulogalamu pa kompyuta yanga. Kamawerenga nkhani zonse, n'kuona mawu amene ali m'nkhani iliyonse, kenako n'kufananiza. Nkhani ziwiri zikakhala ndi mawu ambiri ofanana, kamati izi ndi zapachibale. Ndiye pansi pa nkhani iliyonse ndaikapo mutu wakuti "Werenganinso izi," ndi nkhani zitatu zofanana nayo. Cholinga changa n'chakuti munthu akalowa asatuluke msanga. Azikhala nawo pang'ono.

Ine nkhanizo sindinaziwerenge. Zoyambirira zokha, kalekale. Tsopano ndikatsegula ndimangoona mitu, maso n'kukana kutsika. Ndikuopa kuti ndikapezamo mkazi amene anazolowera kukhala popanda ine, ndipo akanakhala ndi chifukwa. Pulogalamuyo ndiyo ikuwerenga m'malo mwanga.

Tsegulani muone. Mundiuze ngati zikuoneka bwino pa foni.

Mlamu wanu,
Lucius

Nselema
20 Okutobala 2024

A Lucius,

Moni ndikupereka chifukwa amayi anandiphunzitsa mwambo. Tilipo.

Ndinachita zimene munanena. Ndinagula bandulo, ndinakhala pakhonde ndi amayi, amalume ali pampando wawo, Habiba ali pamiyendo panga. Ndinasankha nkhani ya tsiku limene Habiba anabadwa, chifukwa ndinati iyi ndi yosangalatsa. Amayi anaseka pamene achemwali analemba kuti mwana anatuluka atakwinya nkhope ngati amalume akamawerenga risiti ya feteleza. Ngakhale amalumewo anaseka. Kuyambira tsiku la maliro, kanali koyamba kumva kuseka pakhomo pano.

Ndiye ndinafika pansi, pa "Werenganinso izi" panupo. Amayi anati, "Werenga, mwanangu, bambo ake a mwanayu atisankhira." Ndinadina yoyamba osayang'ana bwino mutu wake. Inali "Bedi la pawindo." Ija analemba ali gone m'chipatala, miyendo itatupa. Ndinawerenga mizere itatu ndisanazindikire. Amayi analowa m'nyumba, mpaka lero akungomwa phala.

Amalume akufunsa kuti: munthu wa sukulu ngati inu, mwamangiriza bwanji kubadwa kwa mwana ndi imfa ya mayi wake pa chingwe chimodzi? Mukufuna kunena kuti mwanayu ndi amene anayambitsa matenda? Aphunzitsi anzawo a achemwali aziona kale, ndipo pamsika anthu ayamba kunong'ona zomwezo. Mayi wina wogulitsa tomato anamuyang'ana Habiba n'kupukusa mutu. Ine ndinawauza amalume kuti ndi makina achita. Iwo anati, "Makinawo ali ndi apongozi? Amene ali ndi apongozi ndi amene ayankhe."

Chotsani zimenezo lero lomwe.

Ndipo alamu, ndilankhule ngati mng'ono wa akazi anu. Ife sitinapemphe webusayiti. Tinafunsa funso limodzi. Mwatilembera masamba awiri a momwe kompyuta imawerengera mawu, koma tsiku lobwera mulibemo.

Lukiya

Nkaya
27 Okutobala 2024

Iwe Lucius,

Uli bwanji? Ife kuno tili bwino, kupatula kutentha. Sitima ikadutsa fumbi lake limalowa mpaka m'mano. Alamu ako akupereka moni, akuti nsapato zija unawalonjeza mwina zikubwera wapansi.

Ndikulemba papepala chifukwa ndamva kuti masiku ano ndi mapepala okha amene ukuyankha. Ine ndine mkulu wako, ndinakubereka kumsana, ndiye ndilankhula mosazungulira.

Dzulo ndinali ku Nselema. Minibasi inandisiya pa Liwonde, ina pa Ntaja, mafupa onse akuwawa. Anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, usaganize kuti anthu aja ndi oipa. Che Hassani anandifunsa kuti, "Kodi kwanu ku Nkaya mwamuna akaferedwa amatumiza kompyuta kudzalira?" Ndinasowa poyang'ana. Ndinangoti, "Amalume, uyu anabadwa choncho, ngakhale pa maliro a bambo athu anakabisala kuseri kwa tchalitchi n'kumakonza wailesi." Anaseka pang'ono, koma maso sanaseke.

Habiba wakula, watenga mphumi yako. Akupita ku madrasa masana, wavala kampango koyera, akuimba zinthu zimene ine sindikumva koma mawu ake ndi okoma. Mwanayu akuwatchula Che Hassani kuti atati, ndiye kuti bambo. Ndinamuonetsa chithunzi chako, ndinati, "Awa ndani?" Anati, "A Lucius." Osati adadi. A Lucius, ngati dzina la dalaivala wa minibasi.

Ndikudziwa chimene chikukudya. Ukuganiza kuti ukafika anthu akakuloza chala kuti wabwera chimanjamanja, digiri ya ku Zomba ili m'chikwama. Akakuloza, inde. Chala sichipha. Ntchito yako yokonza mawebusayiti a masitolo a amwenye ingathe, udzapeza ina, kapena udzalima nandolo ngati ife tonse. Mwana sudzapeza wina wotere.

Ine pa 7 ndidzapita ndi ankhoswe athu. Koma ndakuuziratu, sindidzakuyankhira. Pakamwa panga si pako.

Mlongo wako,
Modester

Durban
3 Novembala 2024

Alamu a Lukiya,

Moni kwa inu, kwa apongozi ndi kwa amalume. Ndikupempha kuti kalata iyi muiwerenge yonse pakhonde, ngakhale pamene pakuoneka ngati ndayambanso za makompyuta.

Choyamba, ndagwada. Zija ndinazichotsa tsiku lomwe munandilembera. Sindinasankhe ine nkhani imene ija, koma amalume akunena zoona: amene anaika makina pakati pa inu ndi mawu a mwana wanu ndi ine, ndipo ndinatero osayang'ana chimene atulutse. Muwauze apongozi kuti Habiba sanalakwe kanthu, ndipo m'mutu mwanga simunalowepo ganizo lotero.

Nditachotsa ndinafuna kudziwa chifukwa chake zinachitika. Ndinauza pulogalamuyo kuti indionetse mawu amene inagwiritsa ntchito pomangiriza nkhani ziwirizo. Anali awa: namwino, bedi, windo, diripi, kudikira. Nkhani zonse ziwiri zinachitikira m'chipatala, basi. Pulogalamu sidziwa kuti kwina munthu akubwera, kwina akupita.

Imagwira ntchito chonchi. Mawu sailemera mofanana. Mawu osowa, opezeka m'nkhani ziwiri kapena zitatu zokha, imawatenga kuti ndi olemera, chifukwa ndi amene amasiyanitsa nkhani ndi inzake. Mawu opezeka m'nkhani iliyonse imawataya, chifukwa sathandiza kusiyanitsa kanthu. Ndiye ndinati ndione mawu otayidwawo, mwina mwalowa ena ofunika. Anatuluka amene ndinkayembekezera: ndi, kuti, koma, pa, za. Pakati pa kuti ndi koma panali dzina langa.

Ndinaganiza kuti ndalakwitsa polemba pulogalamu. Nthawi zambiri ndimayamba ndi kuganiza choncho. Ndinafufuza, sindinapeze cholakwika. Dzinalo lili m'nkhani iliyonse, alamu. Kuyambira yoyamba mpaka yomaliza. N'chifukwa chake makina anati ndi mawu opanda ntchito.

Pamenepo ndinayamba kuwerenga ndekha. Ndamaliza zonse.

M'nkhani ya mango analemba kuti, "Chaka chino sindinalole ana agende a pamwamba, a Lucius amakonda opsera mumtengo." M'nkhani ya mtsikana wa Sitandade 3 amene aphunzitsi ena ankamukakamiza kulemba ndi dzanja lamanja, analemba kuti, "Ndamusiya, a Lucius nawo ndi amanzere ndipo anafika ku yunivesite." Nkhani ya kukwera mtengo kwa sopo, mungati ine ndilowamo bwanji? Ndilimo. Akuti ndimatha sopo ngati ndikuchapa ng'ombe. Nkhani ya chitseko cha kukhitchini chimene chimakhula pansi: "Akalipentala andiuza mtengo, koma ndati chidikire mwini wake."

M'nkhani ija munaisiya pa mzere wachitatu, kumapeto kwake analemba kuti, "Namwino wandifunsa ngati ndili ndi mwamuna. Ndati alipo, ali m'njira."

Ine ndinkaopa kuti ndikapeza mkazi amene anandiiwala. Zimenezo ndikanazipirira, chifukwa zikanandimasula. Izi sindikudziwa pozitula.

Chipinda ndabweza kwa eni ake. Kompyuta ya kuntchito ndasiya. Mawa ndikwera basi ya ku Joni, ndipo Lachiwiri m'mawa ndikwera ya ku Malawi. Ndikuyembekeza kufika Lachinayi m'mawa. Amalume andidikire. Sindikubwera kudzalanda mwana. Ndikungofuna kudzakhala pamphasa pamene dzina lake likutchulidwa.

Mlamu wanu,
Lucius

Nselema
7 Novembala 2024

Alamu,

Tikukhulupirira kuti muli amoyo kumene muliko. Foni yanu sikupezeka kuyambira dzulo. Ndikulemba izi dzuwa likulowa, mukazione pamene netiweki ikupezeni.

Kalata yanu ndinaiwerenga yonse Lolemba. Pa za sopo amayi anaseka akulira, anati, "Eee, sopo ankathadi." M'mawa wa lero amalume anandiuza kuti ndiyale mphasa yatsopano pafupi ndi mpando wawo.

Mashehe anawerenga mapemphero a dua, anthu anadya mpunga, anabalalika. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi dzuwa lili pamutu. Amalume anati tidikire. Tinadikira mpaka swala ya alasiri, pemphero la chakumadzulo. Njinga yamoto iliyonse ikamveka kumsewu, a Modester ankaimirira. Kenako ankhoswe a ku Nkaya anati minibasi yomaliza iwasiya, ndipo achibale a ku Ulongwe anati mitambo yayamba, mawa ali ndi kubzala. Amalume anaphwanya kamtengo, anapereka kwa ankhoswe anu. Akusudzulani.

Habiba akhala ndi ine. Za sukulu ndi zina zonse azigamula ndi amalume. A Modester anapempha kuti pa holide azipita ku Nkaya, amalume anati zimenezo akanapempha mwini wake.

Ndinayesetsa, alamu. Ndinati munthu ali m'njira. Amalume anandiyang'ana, anati, "Mawu amenewo mkulu wako anafa nawo m'kamwa."

Lukiya

Nselema
12 Novembala 2024

Achemwali a Modester,

Mwadzuka bwanji? Alamu ndi ana ali bwanji? Ine ndafika. Ndili pa kanyumba kogona alendo kuseri kwa msika.

Pa boda yoyamba anatitsitsa tonse a mapepala akutha, tinachedwa kumeneko mpaka basi inatisiya. Ndinakwera ina, imeneyo inafera kutsidya kwa Tete, pamalo popanda magetsi. Foni inazima. Ndinalowa m'Malawi Loweruka. Kalata ya Lukiya ndinaiwerengera pa Mwanza, nditaima pamzere wodinditsa. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni. Munthu amene wanyamuka Lolemba pa ulendo umene anauzidwa mwezi wathunthu sangadandaule za injini ya basi.

Lamulungu ndinapita kumudzi. Apongozi anandigwira manja onse awiri, analira, anandipatsa madzi. Che Hassani anandiperekeza okha kumanda. Muluwo ndi waung'ono kuposa mmene ndinkaganizira, dothi lake layamba kale kutsika ndi mvula. Sindinadziwe pemphero loyenera pamenepo, la kwathu kapena la kwawo. Ndinangoima. Amalume anaima kumbuyo kwanga osandifulumiza.

Pobwerera anati, "Che Lucius, kamtengo kakaphwanyidwa sikalumikizidwa. Simulinso mkamwini pano. Nyumba ija simungagonemo." Ndinati ndamva. Ndinafunsa ngati nkhani ya Habiba ingakambidwenso. Anati, "Iyayi. Ndinagamula anthu akumva." Tinayenda pang'ono, kenako anati, "Koma mlendo sitimubweza pakhomo. Mukabwera masana, mpando ulipo." Ndi zokhazo zimene ndapatsidwa, achemwali, ndipo sindikuona kuti andibera.

Habiba anabwera kuchokera kumjigo ndi kandowa kakang'ono. Lukiya anamuuza kuti apereke moni. Anagwada chapatali, monga amachitira kwa alendo, anati, "Sikomo." Kenako anandiyang'anitsitsa.

"Ndinu a Lucius?"

"Ndine."

"Amayi kulibe."

Ndinati ndikudziwa. Ndinali nditamugulira nsapato ku Durban, koma ndinayerekeza phazi la mwana wa m'mutu mwanga. Zala zokha ndi zimene zinalowa. Anazivula bwinobwino n'kuziika pambali panga, ngati wabwereka.

Dzulo ndinapitanso masana. Ndinapempha apongozi kuti ndikonze chitseko cha kukhitchini. Anandilola. Ndinabwereka pulena kwa kalipentala wa pamsika, ndinachizula, n'kuyamba kupala m'munsi mwake. Manja anga anazolowera kiyibodi, matuza anatuluka msanga. Habiba anakhala pamwala n'kumatola zopalidwazo, akuzikulunga ku zala ngati mphete. Kenako anati:

"Mubwerera liti?"

"Sindibwerera."

Anayang'ana chikwama changa chakumsana chimene ndinachitsamiritsa pakhoma, chija muli laputopu.

"Nanga icho?"

Inenso ndinachiyang'ana chikwamacho. Lero ndachisiya kuno ku nyumba ya alendo, ndipita manja okha.

Pali chipinda cha lendi pafupi ndi chigayo, mwini wake akuti chikhala chopanda munthu kumapeto kwa sabata. Ndamva kuti pasukulu ina yoyendetsedwa ndi anthu wamba akufuna wophunzitsa masamu. Sindikudziwa ngati anganditenge, koma mawa ndikafunsa. Chonde munditumizire matiresi aja ali m'chipinda cha bambo, ndi mapoto awiri ngati mungakwanitse. Mupatse kondakitala aliyense wa ku Nselema, mumuuze kuti akasiye pachigayo. Akafunse a Lucius. Kuno ndi dzina lokhalo limene ndili nalo.

Mlongo wanu,
Lucius